Mmene Mungaphere Kompyuta Yolimba mu Heavy Industrial Area

Kompyuta ya m'fakitale ndi kabokosi ka aluminiyamu kolemera m'manja, kopanda fani, kokhala ndi mizeremizere yachitsulo kumsana yotulutsira kutentha. Ndiyo imalemba kulemera kwa lole iliyonse yokwera pa sikelo ya pageti. Ndiyo imawerenga matumba a ufa otuluka m'chigayo, n'kumayang'aniranso kuzizira kwa chipinda chosungira nyama. Makampani monga Advantech, Moxa ndi Siemens amaipanga kuti igwire ntchito usana ndi usiku kwa zaka zambiri, pamalo pamene kompyuta ya muofesi singapirire. Komabe m'mafakitale a ku Lusaka a cha ku Mungwi Road, Mumbwa Road ndi Lumumba Road n'zotheka kuipha isanaone mvula yachiwiri. Njira zake ndazilemba apa ngati malangizo, motsatira mmene ntchito yoika kompyutayi imayendera, kuti amene wagwira sikuludalaiva adzione yekha pamene wafika.

Yambani ndi kutaya kabuku kamene kabwera m'katoni. Wogulitsa wanena kuti makinawa ndi olimba, basi khulupirirani zomwezo. Mukatero simudzadziwa kuti makompyuta ambiri opanda fani ali ndi chizindikiro cha IP40, pamene inu m'maganizo mwanu muli IP65. Manambala awiriwa amachokera mu muyezo wa IEC 60529. Yoyamba imanena za fumbi ndi tinthu tolimba, yachiwiri imanena za madzi. Nambala 4 imangotsekereza tinthu toposa milimita imodzi, choncho fumbi la gaga ndi la simenti limalowa ndithu, ndipo 0 akutanthauza kuti madzi alibe chowaletsa. Simudzadziwanso kuti madigiri 60 kapena 70 olembedwa pa katoni amadalira kuti mkatimo muli SSD ndi memory zopangidwira kutentha koteroko. Ndiye gulani bokosi lopanda kanthu kuti mtengo utsike, mupite m'tauni cha ku Katondo Street mukagule SSD ya laputopu, muikemo.

Malo oikhomera asankheni poona pamene waya akufika mosavuta. Khoma la malata loyang'ana kumadzulo ndi limene limapha msanga, chifukwa mu Okutobala, kunja kukakhala madigiri oposa 30, lata limawotcha dzanja. Kompyuta yopanda fani imapuma ndi mizere ija: mpweya wotentha umakwera pakati pake, wozizira n'kulowa m'munsi. Kuti isapume, igonekeni mizere itatsamira khoma, kapena iikeni pa tebulo kuti kalaliki azisanjikapo mabuku a malisiti. Mphepo ya Ogasiti ikayamba kuulutsa fumbi, wina wamtima wabwino adzaiphimba ndi chitenje kuti isade. Musamuletse. Ngati muli ndi kabati yachitsulo, itsekereni m'menemo pamodzi ndi VFD yoyendetsa mota, iyo pamwamba, VFD m'munsi, kuti kutentha konse kuzikwera kwa iyo. Akatswiri a zamagetsi ali ndi lamulo lakale loti madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula pakati moyo wa ma capacitor ena. Kompyutayo singafe tsiku lomwelo. Imayamba ndi kuchedwa masana, kenako kuzima yokha cha m'ma 14 koloko, madzulo n'kuyaka bwinobwino, ndipo makaniki wofika m'mawa kukuzizira sapeza vuto lililonse.

Kumadzulo kwa Lusaka pansi pali mwala wa laimu, madzi sakhala patali, ndipo aliyense wa ku Kanyama amadziwa mmene Januwale ndi Febuluwale amakhalira. Khomerani kabatiyo cha m'mawondo. Boolani pamwamba pake polowetsa mawaya, osaikapo gland, osapinda waya kuti madontho azigwera kunja. Madzi odontha kudenga adzatsata waya mpaka m'kati.

Pa magetsi ndi pamene tiyenera kukhalitsa, chifukwa makina ambiri amafera pamenepa. Magetsi oposa 80 peresenti a Zambia amachokera ku madzi. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pa ngozi yogwera dziko lonse. Mu Malichi ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankakhala mumdima maola 21. Ku Kariba North Bank, kumene kungapangidwe mamegawati 1,080, kunatsala makina amodzi okha oyenda mwa asanu ndi amodzi. Chaka chimenecho chinaphunzitsa mafakitale kuti kuzima kwa malaiti kumaimitsa ntchito, koma kubwera kwake ndiko kumawotcha zipangizo. Magetsi akamabwerera, kapena jenereta ikamalandira katundu, mphamvu imadumphadumpha isanakhazikike.

Kuti kompyuta yanu imve kudumpha kulikonse, musagule power supply ya 24 V yokhala pa DIN rail, imene opanga ake amayembekezera. Fufuzani m'dirowa adaputa ya laputopu yakale, mudule mutu, mupotokole mawaya ndi zala, muwalowetse pa terminal block opanda ferrule, tsitsi lina la waya likusuzumira kunja. Ilumikizeni pa laini imodzi ndi makina owotcherera zitsulo ndi mota ya chigayo, kuti mota ikamadzuka magetsi azigwa, ikamazima azikwera. Surge protector nenani kuti mudzagula mwezi wamawa. UPS ngati ilipo, batire lake likhale lomwe linabwera nayo zaka zinayi zapitazo, losayesedwapo, loti malaiti akapita limalira kamodzi n'kuzima. Kuzima mwadzidzidzi kotereku kukapeza SSD wamba ikulemba, mafayilo amaonongeka, ndipo tsiku lina Windows imakana kudzuka.

Kaskuluu ka earth kali pa thupi la kompyuta, pambali pake pali chizindikiro cha timizere titatu. Kasiyeni kopanda waya. Kunja, mnyamata wokhoma ndodo ya mkuwa ya earth adzagunda mwala asanafike pakati, poti miyala yomwe amayi amaswa m'mbali mwa misewu ya kumadzuloku ndi yomwenso ili pansi pa fakitale. Muuzeni adule chotsalacho ndi sowo, akwirire ndi dothi, ndipo pasapezeke wobwera ndi chipangizo choyezera ngati ndodoyo ikugwiradi ntchito. Mu Novembala mphezi zimayamba. Sikelo ya malole ndi chitsulo chachikulu choyalidwa pabwalo, ndipo waya wake amalowa m'nyumba mpaka pa indicator, n'kupitirira ku kompyuta. Mphezi siifunika kugwa pa sikelo penipeni. Ikagwa chapafupi, mphamvu yake imayenda m'nthaka ndi m'mawaya, n'kukatulukira pa serial port ya kabokosi kanu. Apa sindikunena za makina okha. Earth woipa amapha munthu wogwira kabati mapazi ali m'madzi.

Pali kanthu kakang'ono m'BIOS kamene mungakadumphe osatuluka thukuta. Pamalo polembedwa Restore on AC Power Loss, kompyuta imafunsa choti ichite magetsi akabwerera. Siyani pa Power Off. Malaiti akabwera 02 koloko usiku, mamota onse adzadzuka, iyo n'kukhalabe chigonere, kudikira munthu woti akanikize batani, pamene kiyi wa kabati ali m'thumba la kapitawo amene ali mtulo ku Matero. Watchdog, kachipangizo kamene kamadzutsanso kompyuta pulogalamu ikauma, musakayatse. Kabatire ka CR2032 kosunga nthawi musakaganizire n'komwe. Kakatha, matikiti a sikelo adzayamba kutuluka ndi tsiku la zaka zakale, ndipo a akaunti adzakangana ndi wogulitsa chimanga pa lole imene pepala likuti inabwera kampani isanagule sikeloyo.

Mawaya a data ali ndi malire ake, choncho apyoleni. RS-232 inapangidwira mtunda wa pafupifupi mamita 15, inu ikokeni kuchokera pa geti mpaka ku ofesi ya kumbuyo. Ethernet ya mkuwa imalekeza pa mamita 100, inu lumikizani zidutswa ziwiri ndi tepi. RS-485, imene imanyamula Modbus kuchokera ku ma PLC ndi mamita a magetsi, ingafike mamita 1,200, koma imafuna kuti zipangizo zikhale pa mzere umodzi motsatana, kumapeto konse kuwiri kukhale resistor ya ma ohm 120. Inu tulutsani nthambi mbali zonse kuchokera pa bokosi limodzi, ma resistor muwasiye m'kapepala kawo. Kenako mangani waya ameneyu pamodzi ndi nthambo ya 400 V yopita ku mota, muzikoke ndi cable tie kuti zioneke zaudongo.

Cholakwika ichi ndimadana nacho kuposa zonse, chifukwa sichiwotcha kanthu. Chimangochititsa kuti manambala azisowa apa ndi apo, nthawi zina azibwera olakwika. Mota ikamayenda, tikiti imakana kutuluka, kapena lole imodzi imalembedwa kawiri. Mabuku akasiyana ndi katundu wa m'nkhokwe, palibe amene amayang'ana waya. Maso onse amapita kwa kalaliki wa pa sikelo, mtsikana kapena mnyamata wochokera ku Chawama amene amakwera minibasi ziwiri kuti afike pa ntchito. Amaitanidwa muofesi, amafunsidwa kuti akugwirizana ndi dalaivala uti. Iye amangoti, "Ba manijala, ine nilemba chabe vamene kompyuta yaonetsa," koma mawu a kalaliki salemera pamaso pa pepala la makina okwera mtengo. Ngati mukufuna kuonjezera mlandu, tsegulani indicator mukonze nokha manambala, mudule chidindo cha a Zambia Metrology Agency, bungwe limene lamulo linalipatsa udindo wotsimikizira masikelo a malonda.

Za mapulogalamu n'zachidule. Pasiwedi ikhale yomwe inabwera ndi makina, kapena 1234, muilembe pa kapepala n'kumata pa sikirini. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda zipangizo zambirimbiri padziko lonse pongoyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale okwana pafupifupi 60. Ma USB port onse akhale otsegula, kuti mlonda azitchajirapo foni usiku, ndipo wina azibweretsa fulashi ya nyimbo ndi mafilimu. Stuxnet, imene inadziwika mu 2010 itaononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, inkafalikira kudzera m'mafulashi. Ikanimo Windows 10 wamba, amene Microsoft inasiya kumusamalira pa 14 Okutobala 2025, m'malo mwa mtundu wa IoT Enterprise LTSC 2021 umene udzasamaliridwa mpaka Januwale 2032. Kapena ikani Windows watsopano n'kumulola kuti azidzikonza ndi kudzizimitsa nthawi imene wafuna, malole ali pa mzere. Lowetsani SIM khadi ya MTN kapena Airtel mu rauta kuti bwana aziona manambala ali kunyumba, mutsegule khomo lolowera kutali popanda VPN, ndipo mlongoti wa rautayo muutsekere m'kabati yachitsulo momwemo.

Tsiku lomaliza la ntchito muli ndi mwayi wopeza zolakwika zonsezi m'maola awiri. Mukanatha kuzimitsa main switch kuti muone ngati kompyuta idzuka yokha, kuyatsa jenereta, kuyendetsa mamota onse pamodzi mukuyang'ana manambala, kugwira mizere ija masana dzuwa lili pamutu. Musachite chilichonse mwa zimenezi. Sikirini ikangoyaka, jambulani chithunzi, mutumize pa WhatsApp, mulandire cheke. Musalembe chizindikiro pa waya aliyense. Musajambule mapu a mmene mwalumikizira. Musakope disiki yonse pa malo ena, ngakhale kutero kumatenga nthawi yochepa kuposa kudya nsima ya masana. Ma baud rate, ma adiresi a Modbus ndi pasiwedi ya BIOS zikhale m'mutu mwanu mokha, kenako mupeze ntchito ku migodi ya Solwezi, musinthe nambala ya foni.

Kwa mwini fakitale langizo lake ndi limodzi: ntchito yonseyi ipatseni amene watchula mtengo wotsika kwambiri, osafunsa ngati ali m'kaundula wa Engineering Institution of Zambia, ndipo mumuuze kuti Lolemba zonse zikhale zikuyenda. Yosungira pambali musagule. Kompyutayo ikadzafa, ina idzaitanitsidwa ku Johannesburg kapena ku Taiwan, idzalipidwa m'ndalama zakunja, idzadikira mapepala a ZRA pa Chirundu kapena pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Masabata amenewo malole a chimanga adzaima mumsewu, madalaivala akugona m'magalimoto. A pisiweki ochokera ku George ndi Kanyama, amene amalipidwa pa matumba omwe anyamula tsiku limenelo, adzafika pageti kusanache n'kuuzidwa kuti abwere mawa, ndipo mayi wogulitsa nsima panja pa mpanda adzabwerera ndi mapoto odzaza. Woti muchotse ntchito alipo kale: mnyamata wa zamagetsi amene wangotuluka kumene ku koleji, yemwe anapezeka atatsegula kabati tsiku limene kompyuta inazima, akuyesa kutsata mawaya opanda mayina amene munthu wina anasiya.