Wa ku Norway watsikira pa Park Station

Mwini danga lino anakhala nzika ya Norway asanaione n'komwe. Kwawo ku Thyolo mbiri inawanda kuti mwana wa m'mudzi muno akupita ku Ulaya kukawonjezera sukulu, ndipo iye sanaitsutse, poti anaiyambitsa yekha. Zifukwa anali nazo. Norway ili ndi kazembe ku Lilongwe, aphunzitsi angapo a ku Bunda anakaphunzira ku Ås, ndipo chachikulu n'chakuti mayunivesite aboma kumeneko sankalipiritsa fizi, kaya ndiwe wa ku Bergen kaya wa ku Bvumbwe.

Ndiye mkuluyu anakonzeka. Anawerenga kuti mu Disembala ku Oslo dzuwa limatuluka 9 koloko itadutsa n'kulowa 3 koloko itangopitirira, ndipo kumpoto ku Tromsø limatha pafupifupi miyezi iwiri osaoneka. Analoweza kuti pa 17 Meyi ana amaguba ndi mbendera pokumbukira malamulo a dziko a mu 1814. Ankauza anzake kuti amakonda brunost, tchizi chofiirira chotsekemera chija, chonsecho tchizi cha mtundu uliwonse chinali chisanadutsepo pakhosi pake. Pa kaunjika ku Limbe anagula chijekete choti povala mpaka mnzako akugwirire mkono umodzi, ndipo wogulitsa analumbira kuti chinachokera komweko.

Kumapeto kwa 2022 boma la Norway linalengeza kuti kuyambira chaka cha maphunziro cha 2023, ophunzira ochokera kunja kwa mayiko a ku Ulaya a m'gulu la EEA ndi Switzerland azilipira. Munthu wathuyu anawerengetsa ndalamazo m'makwacha, n'kuzimitsa foni, n'kukagona masanasana.

Chinamutola ndi pangano la maphunziro la mayiko a SADC la mu 1997, lomwe limati wophunzira wa m'chigawo chino azilipira fizi ngati mwana wa m'dziko lomwelo. Malo anawapeza ku yunivesite ya Wits, ku Braamfontein, mumzinda wa Johannesburg, ku Joni. Mu Febuluwale 2023 anakwera basi: Mwanza, Zobue, mlatho wa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Anatsikira pa Park Station dzuwa likuswa mtengo, atavala chijekete chija chifukwa m'chikwama chinakana kulowa.

Joni sanaikonzekere. Akanakonzekera chiyani? Agogo ake anapitako ndi Wenela n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. M'mudzi mwawo banja lopanda m'bale ku Joni ndi lowerengeka. Iye ankaona ngati wangosamukira ku Ndirande yokulirapo.

Minibasi ndi imene inamulandira ku sukulu yeniyeni. Kuno amati takisi, ndipo ilibe kondakitala wokukuwira komwe ikupita. Umalankhula ndi chala: choloza m'mwamba ndiye kuti kutauni, choloza pansi ndiye kuti pafupi pomwepa. Mkuluyu anaima m'mbali mwa msewu n'kumakupiza dzanja lonse, madalaivala n'kumangomuyang'ana podutsa, mwina poganiza kuti akuwapatsa moni. Ina itaima, analowa chetechete. Anali atawerenga kuti ku Norway munthu waulemu savutitsa anzake m'basi, ndipo khalidweli analiyeserera miyezi ingapo. Kuno polowa umati "Sanibonani". Mayi wina wachikulire anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu, n'kunena mawu angapo m'Chizulu omwe anaseketsa galimoto yonse.

Choipitsitsa, anakhala kutsogolo. Kwathu mpando wakutsogolo ndi wa mabwana, ndipo munthu wochita digiri yachiwiri anaona kuti ukumuyenera. Ku Joni wokhala pamenepo ndiye kondakitala, wosalipidwa. Asanakhazikike bwino, wina anamugwira paphewa n'kumupatsira ndalama za mzere wam'mbuyo. Kenako za mzere wina. Uyu wapereka R50 ya anthu awiri, uyo R100 ya atatu, ndipo aliyense akudikira chenji chake. Anayala makobidi pamwendo, kuwerenga, kusokoneza, kuyambiranso. Dalaivala sanayankhule; anangochepetsa wailesi. Ndalama zitaperewera R5, katswiri wathu anapisa m'thumba mwake mwakachetechete n'kukwaniritsa. Potsika napo panali mayeso. Anzake ankangoti "after robot" kapena "short left" galimoto n'kuima, iye n'kumayembekeza kuti wina amufunsa. Palibe anamufunsa, ndipo tsikulo anaona madera a mzinda omwe sanawafune.

Kunena zoona, dongosolo limeneli ndi lanzeru. Anthu osadziwana amapatsirana ndalama kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, chenji n'kubwerera njira yomweyo osasowa. Limangofuna kuti kutsogoloko kusakhale munthu wonga mwini danga lino.

Pa zakudya sanavutike kwambiri. Nsima iliko, amaitcha pap. Anadziwana ndi kota, chigawo cha buledi chogobedwa m'kati n'kuthiramo tchipisi, poloni, atcha ndi tchizi, ndipo apa m'pomwe tchizi chinamulowa m'kamwa koyamba, ataimirira pamsewu, mafuta akuyenderera mpaka m'chigongono. Mlandu unabuka tsiku lomwe anapeza usipa wobwera ndi mabasi a kumudzi n'kuukazinga m'khitchini yogwiritsa ntchito anthu ambiri. Zitseko zinayamba kutseguka chimodzichimodzi. Mtsikana wina wa ku Durban anafunsa ngati mwafa chinthu. Mkuluyu anadziteteza mwaukadaulo: anafotokoza kuti ku Lofoten, ku Norway, anthu amayanika nsomba panja pamitengo n'kumagulitsa mpaka ku Italy ndi ku Nigeria, ndipo palibe amawanena. Anamuuza kuti akakazingire ku Lofoten komweko.

Chijekete chinaseketsa anthu mpaka Meyi. Mu Juni anasiya kuseka. Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700, nyumba zambiri zilibe zotenthetsera, ndipo 2023 ndi chaka chomwe magetsi ankazima kwambiri m'dzikomo. Ndiye Lolemba pa 10 Julayi kunagwa sinowo mumzindamo, koyamba chigwereni mu 2012. Anthu anatuluka m'maofesi kukajambula. Munthu wathuyu anathamangira panja, n'kupempha mlonda kuti amujambule msanga zoyerazo zisanasungunuke paphewa. Chithunzicho chinazungulira mudzi wonse pa WhatsApp, ndipo amayi ake anaimba foni akulira ndi chimwemwe kuti mwana wafika ku Ulaya. Iye anati netiweki ikuvuta.

Amalume okha ndiwo sanapusitsike, chifukwa kumbuyo kwa chithunzicho kunkaoneka takisi.

Amalumewa ndi amene amasunga kaundula wa zofunika: foni, bulangete lalikulu lija la mu chikwama cha pulasitiki, sola, ndi ya feteleza. Kuwauza kuti chiphaso cha wophunzira chimalola ganyu ya maola 20 okha pa sabata, ndiponso kuti popanda kulipira inshuwalansi ya chipatala sangalembetse n'komwe sukulu, iwo amangoti, "Koma uli ku Joni, eti?" Wopita ku Norway amamupempherera. Wopita ku Joni amamutumizira nambala ya Mukuru.

Mu Disembala anakwera basi yobwerera, ngolo yakumbuyo itadzaza mafiriji, matiresi ndi njinga za anzake. Katundu wake anali mabuku ndi bulangete limodzi. Atafika, amalume analitambasula, kuliyeza ndi manja, kulipindanso. Kenako analoza ndi mlomo tsidya la msewu, pomwe panali nyumba yamalata atsopano ya mnyamata wina amene anasiyira sukulu Folomu 2 ndipo amagwira ntchito m'munda wa maluwa ku Randburg.

"Mphwanga, sukuluyo yatsala zaka zingati?"

"Chimodzi basi, amalume."

"Chabwino. Ukamaliza ndidzakulankhulira kwa mnyamata uja. Akuti abwana ake akufuna wina wothirira."