Ulemu kwa a Patani a pa khonde la telala

Kuno ku Thyolo kutamanda timakudziwa. Timatamanda tiyi amene wayala mapiri ngati bulangete lobiriwira, moti alendo ochokera ku Limbe akangodutsa pa Bvumbwe amayamba kuimitsa galimoto n'kumajambula. Timatchula Maclean Kay amene anayambitsa Satemwa mu 1923, timatchula Conforzi wa ku Italy, Naming'omba, Makandi, Nchima. Koma sindinaonepo munthu akuvulira chipewa a Patani, pepala lija la khaki long'ambidwa ku thumba la simenti, limene limalendewera pamsomali kuseri kwa telala wa pakhonde. Ine changa ndavula.

A Patani, ndinu a banja lalikulu ngakhale simudzitama. Agogo anu anabadwira ku Massachusetts mu 1863, pamene Ebenezer Butterick anayamba kugulitsa mapepala odulira zovala a masaizi osiyanasiyana, wamng'ono wake, wamkulu wake. Inu mwambo wa masaiziwo munaukana. Muli nokha, mmodzi, ndipo mumakwanira aliyense wofuna vesiti: mnyamata wa kabaza woonda ngati nsungwi, ndi mnzake wa mimba ya chibuku amene njinga yake imadandaula asanakwere n'komwe pasenjala. Woonda vesiti ikamukhuthukira, telala amati, "Mudzanenepa, achimwene, ntchitoyi ndi ya ndalama." Wonenepa ikakana kutsekeka, amati, "Ya pa njinga samanga mabatani, mphepo izilowa." Ndi nduna iti ya boma imene inakhutiritsapo anthu awiri osiyana chonchi ndi pepala limodzi?

Ku Amereka anzanu amadulira chikopa chenicheni cha ng'ombe, cha okwera Harley-Davidson, njinga zimene zinayamba kupangidwa ku Milwaukee mu 1903. Ntchitoyo ndi ya mantha. Chikopa sichiiwala: singano ikaboola polakwika, bowolo ndi la muyaya, n'chifukwa chake odula sabaya patani ndi mapini, amangoipanikiza ndi zolemera n'kulemba mozungulira. Kumsana kwa vesiti amakonda kusiya chikopa chimodzi chopanda msoko, kuti pakhale malo osokerapo chizindikiro cha gulu lawo. Inu zimenezi sizikusowetsani tulo. Kuno ng'ombe izidya kuti, poti malo anatenga tiyi kalekale, anthu n'kupanikizana m'mbali mwa maesiteti ngati nthochi za ku Thekerani pa mkoko? Chikopa chikapezeka, oyamba kuchifuna ndi a ng'oma za tchopa, ndipo tchopa analembedwa ku UNESCO mu 2014, ndiye kabaza apikisane naye bwanji? Choncho inu mumagona pa chilichonse chimene chabwera: jekete yakaunjika yothetheka m'khwapa, chikopa chabodza chosendedwa pa mpando wa minibasi yakufa, lona, thumba la feteleza. Telala amakupanikizani ndi mwala mbali ino, mbali inayo ndi kapu ya tiyi, n'kukuzungulirani ndi kachidutswa ka sopo wouma chifukwa choko chinatha chaka chatha.

Koma ulemerero wanu weniweni uli m'miyendo. Pali chovala chimene Azungu amachitcha chaps, buluku lopanda matako, miyendo iwiri yolendewera pa lamba, ya zipi m'mbali. Anachiyamba ndi abusa a ng'ombe a ku Mexico okwera pa akavalo, pofuna kuteteza ntchafu ku zitsamba zaminga, ndipo okwera njinga zamoto anangochitengera. Akanafunsa kuno akanapeza kuti nzeruyo tili nayo. Tiyi amamudulira kuti alekeze m'chiuno, athyathyalike pamwamba ngati tebulo, ndipo wothyola amalowa pakati pake m'mamawa, dengu kumsana, kusaka masamba awiri ndi kansonga. Nthambi zodulirazo zimakanda, mame amanyowetsa mpaka m'kati, ndipo kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi amaphuka kwambiri, mvula imakhala pamutu. Wothyola amamanga epuloni ya pulasitiki m'chiuno, ikang'ambika amamanga thumba. Mwana wake atagula njinga ya Lifan pangongole n'kuyamba kukumana ndi matope ofiira a m'misewu ya pakati pa minda, sanafunike kuonera kanema wa Marlon Brando wa okwera njinga zamoto. Anangokumbukira amayi ake, n'kupita kwa telala kukanena kuti, "Mundisokere ngati epuloni ija, koma muing'ambe pakati."

Apo ndi pamene munabadwira kachiwiri, a Patani, muli mwendo umodzi. Telala amakugonekani n'kudula wa kumanja, kenako amayenera kukutembenuzani kuti adule wa kumanzere. Akaiwala, poti pa wailesi pali mpira wa Bullets ndi Wanderers, kabaza amalandira miyendo iwiri ya kumanja. Ndinaonapo ndi maso anga mnyamata akutsika ku Luchenza zipi imodzi ili kunja, inayo ili m'kati ikumuluma. Inu simunapepese. Akuluakulu sapepesa.

Ena amakunenani kuti simuteteza munthu akagwa. N'zoona, thumba la feteleza likakhuzika pa phula limasungunuka ngati shuga mu tiyi wamoto, ndipo anamwino a ku Malamulo ndi a pa chipatala cha boma ndiwo angafotokoze bwino za mawondo a anyamata a kabaza. Likakhudza ekizozi limamata pa katumba. Koma amene akukunenaniwo sanakwerepo njinga mu Juni chiperoni chitatsika kuchokera ku Mozambique, kamvula kosalekeza kaja kamene sikagwa koma kamangokhala, nkhungu itaphimba msewu wa ku Makwasa moti nyali imangoona mphuno yake yomwe. Tsiku lotero munthu saganiza za kugwa. Amaganiza za mawondo amene aleka kumva, ndipo chilichonse chotchinga mphepo amachiyesa m'bale.

Ndiponso ndinu osunga mbiri. Pathupi panu telala analembapo nambala za foni, ngongole ya amene anatenga vesiti n'kulonjeza kulipira esiteti ikalandiritsa, ndi muyeso wa diresi la ukwati umene unatha kale. M'mphepete mwanu mwafupika, chifukwa sizasi iliyonse ikadutsa imakubeniko pang'ono, ndiye mavesiti a chaka chino ndi ofupikirapo kuposa a chaka chatha. Anyamata amayesa ndi fasho yatsopano.

Mwezi wathawu ndinapita kukatenga buluku langa n'kupeza msomali uli wokha. Telala anandiuza mosakweza mutu kuti chiperoni chitalimba makala ananyowa, ndipo mayi a kunyumba anafuna choyatsira mbaula. Ndinafunsa ngati ntchito ya mavesiti yatha. Iye anaseka, n'kuitana kabaza amene amadya chimanga chootcha pafupi, kumuvula vesiti, kuiyala pa thumba lina la simenti n'kuyamba kuizungulira ndi sopo. Phewa lamanzere la vesitiyo linali lotsika kuposa lamanja, monga momwe munalili inu, ndipo analijambula momwemo.