Unsembe wa ku Arkona ukanandikanika

Pachilumba cha Rügen, kumpoto kwa Germany, pali malo otchedwa Arkona. Kumeneko Asilavo a mtundu wa Rani anamanga linga lotchinga kachisi wa Svantevit, mulungu wawo wa mitu inayi. Nditangomva zoti kuli linga, ndinatulutsa jekete yaukwati kuti ndikajambulitse pachipata chachifumu. Chimene ndinakapeza ndi dothi lounjika, lomera udzu, ngati mtumbira wa mbatata wolimidwa ndi chimphona. Mbali yaikulu ya malowo inagumukira kale m'nyanja ya Baltic, ndipo mafunde akunyemabe.

Posowa chojambula, ndinayamba kuwerenga zimene wolemba mbiri Saxo Grammaticus analemba za wansembe wa pamalopo, kuti ndione ngati ntchitoyo ndikanaitha.

Wansembeyo ankasesa m'kachisi atagwira mpweya, kuopa kudetsa mulungu ndi mpweya wa munthu. Akabanika ankathamangira kukhomo kukapuma. Ine kungoyenda wapansi kuchokera kumudzi wapafupi wa Putgarten ndinafika ndili wefuwefu, moti Svantevit akanandimva ndi makutu ake onse ndisanagwire n'komwe tsache.

Fano la Svantevit linkagwira nyanga yodzaza chakumwa chaukali, chomwe chinkakhala momwemo chaka chathunthu. Anthu akakolola, wansembe ankasuzumiramo, ndipo chikakhala kuti chatsika, ankalengeza kuti kukubwera njala. Mayi a kunyumba atamva izi anangoti, "Bambo, akanakusiyirani inuyo nyangayo, bwenzi mukulosera njala chaka ndi chaka."

Panalinso chikeke cha uchi chotalika pafupifupi ngati munthu. Wansembe ankaima kuseri kwake n'kufunsa khamu ngati likumuona. Anthu akavomera, iye ankapempha kuti chaka chinacho asadzamuonenso, ndiye kuti zokolola zichuluke, keke ikule. Pamenepa ndiye ndikanawasaukitsa anthu osalakwa. Mimba yangayi ikanatulukira uku ndi uku, ndiponso munthu ngati ine sumusiya yekha kuseri kwa keke: pofika funso lachiwiri akanandiona kudzera pabowo.

Mu 1168 mfumu Valdemar I ya Denmark ndi Bishopu Absalon analanda lingalo. Fano lija analigwetsa, kulikokera kunja, madzulo ake n'kuliwaza nkhuni zophikira chakudya cha asilikali. Mayi a kunyumba akuti m'mbiri yonse ya Arkona apa pokha ndiye paoneka ntchito yondiyenera, yokhala pafupi ndi mphika n'kumalawa mchere.