Chibale ndi fupa, koma tsopano akuti tilavule

Makolo ananena kuti chibale ndi fupa, sichiwola. Ananena atakhala pansi pa mtengo, osadziwa kuti kudzabwera anthu ophunzira amene adzamve mwambiwu mopyola muyeso n'kunyamuka kukasakadi fupalo. Mu 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atayeza DNA ya m'mafupa ofukulidwa ku phiri la Hora ku Mzimba, ku phanga la Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza. Ena mwa mafupawo anali a zaka pafupifupi 8,000. Fupa silinawole ndithu. Koma litafunsidwa linatikana. Alenje akale aja, amene nthano zathu zimawatcha Akafula, magazi awo sanaoneke mwa Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni amene anayezedwa. Kukumba konse kuja, mwini fupa n'kungoti, "Pepani, sindikukudziwani."

Tsono amoyofe sakutipempha fupa, akutipempha malovu. Makampani monga AncestryDNA ndi 23andMe amakutumizira kabotolo, iwe n'kulavuliramo, n'kutseka, n'kutumiza kutsidya kwa nyanja pamodzi ndi madola ako. Pakapita milungu ingapo foni imakuuza kumene unachokera. Kwa a Nthache kuno ku Mwanza, munthu wachilendo akapempha malovu ako, tsitsi kapena zikhadabo, sufunsa kuti anaphunzira sukulu iti. Umathamangira kwa a nyakwawa. Ndipo amantha amenewa si opusa kwenikweni, poti mu 2023 akuba a pa intaneti analowa m'nkhokwe ya 23andMe n'kuona mbiri za anthu pafupifupi 6.9 miliyoni, ndipo mu 2025 kampaniyo inapita kukhoti kukanena kuti ngongole zaipyola msinkhu. Malovu anali atapita kale.

Tinene kuti walimba mtima, walavula. Makampaniwa amayerekeza DNA yako ndi ya anthu amene anayezetsa kale, ndipo ambiri mwa iwo ndi azungu. Mzungu amauzidwa mpaka chigawo cha Ireland kumene agogo ake ankakumba mbatata. Iwe wa ku Mwanza uuzidwa kuti makolo ako anali anthu akuda a kuno kumwera ndi kum'mawa kwa Africa, nkhani imene kalilole wa pamsika akanakuuza osalipiritsa.

Chimene chimandisangalatsa ine m'sayansi imeneyi ndi china. DNA yambiri timagawana mwachilungamo: theka kwa mayi, theka kwa bambo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 kwa gogo aliyense, ndipo imanka nisungunuka kotero kuti ukabwerera mibadwo yambiri makolo ena sasiya kanthu mwa iwe. Koma pali tizidutswa tiwiri ta makani. Kamodzi, kotchedwa Y, kamayenda kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna basi. Kena, ka mitochondria, mayi amapatsira ana ake onse, koma amene amakapititsa patsogolo ndi ana aakazi okha. Taonani bwino pamenepa. Atsibweni ali nako kofanana ndi ka ana a mlongo wawo, koma ana awo owabereka okha sawapatsa. Imeneyitu ndi mbumba, yolembedwa m'thupi. Azungu anawononga ndalama zankhaninkhani kuti apeze chimene mkamwini aliyense amachizindikira akamapalira munda wa apongozi, kuti pamudzi pano iye ndi tambala wobwereka.

Vuto n'lakuti mafomu a pa intaneti ojambulira mtengo wa banja anapangidwa ndi anthu okhulupirira dzina la bambo. Kwathu kuno dzina ndiye chinthu chosakhazikika kuposa zonse. Tengani nkhalamba imodzi. Anaipatsa dzina itabadwa, kudambwe kapena kutsimba inatulukako ndi lina, abusa pobatiza anati amenewo ndi achikunja n'kuipatsa la m'Baibulo. Italephera kusankhidwa pa Sitandade 8 inabwereza ndi dzina la mng'ono wake, ndipo satifiketi ili m'dzina limenelo mpaka lero. Popita ku Joni pa Theba, kalaliki analemba zimene makutu ake anamva. Wofufuza wakhama amalemba amuna asanu pa mtengo wake, n'kumadabwa kuti onsewo anakwatira bwanji mkazi mmodzi.

Onjezerani malire. Mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 unadutsa pakati pa abale, ena n'kukhala a Nyasaland, ena a ku Tete, maliro n'kumalirabe limodzi. Nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992 inathamangitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo mu 2016 ena masauzande anadzazanso mudzi wa Kapise kuno ku Mwanza asanawasamutsire ku Luwani ku Neno. Si onse amabwerera, ndipo obwererawo si onse amabwerera okha. Ndiye mukawoloka pa Zobue kukasaka Yohane wanu, kumbukirani kuti kumeneko m'kaundula ndi João.

Mapepala aliko, inde. Ku Zomba kuli National Archives, imene inayamba mu 1947, ndipo muli mabuku a ma DC achitsamunda onena za mafumu, milandu ndi msonkho. Koma ngati agogo anu sanali mfumu, sanamenye mesenjala ndipo msonkho ankakhoma mwaulemu, mzungu analibe chifukwa chowonongera inki. Mabuku a ubatizo a ku parishi kapena ku CCAP ndiwo othandiza, chifukwa amatchula makolo ndi mudzi, malinga chiswe chisakhale kuti chinayamba kuwerenga inu musanafike. Chitupa cha unzika cha 2017 musachikhulupirire kwambiri pa zaka. Gogo anati anabadwa chaka cha njala, mlembi n'kulemba 1949, osafunsa kuti njala yake iti. Kumanda nako simungangolowa ndi kope ngati mukupita ku laibulale. Muyambe mwapempha kwa a mfumu, ndipo mukalowa mupeza kuti manda akalewo chizindikiro chake ndi mtengo ndi phale la mphika, zimene sizitchula tsiku lobadwa.

Chida chenicheni chili pakhonde, chikusenda chinangwa. Mupite ndi shuga, sopo ndi foni yodzaza moto, muitchere kuti ijambule mawu, kenako muiwale zoti muli ndi mafunso pa pepala. Mukati, "Agogo, tanditchulirani mayina a makolo athu," ayankha kuti, "Iii, mdzukulu wanga, mutu unatha uwu." Koma mukati, "Kodi n'chifukwa chiyani a kutsidya kwa dambo aja satidyera nsima pa maliro?" muona chinangwa chaikidwa pansi. Mumva amene anabwera kuchokera kuti, anabereka yani, anakwatiwa kangati, mbuzi ya mlandu inali ya mtundu wanji, mibadwo isanu osapumira. Wokalamba amaiwala mndandanda, koma mkangano saiwala.

Ingodziwani kuti nkhokwe imeneyi ili ndi mkonzi wake. Pali mayina amene akafika pakamwa, agogo amatsokomola n'kuti, "Ameneyo musiyeni." Pamenepo lembani nyenyezi, mawa mukafunse azakhali a mbali inayo, amene akhala akudikira funso limeneli chichokereni Kamuzu. Usiku wa pasiwa ndi wabwinonso, poti nthambi zonse zimakhala pamoto umodzi ndipo wina akanama amadzudzulidwa pomwepo. Zimene mwamva lembani m'kope, ndi dzina la amene wanena, kenako musunge pa FamilySearch, imene salipiritsa, kapena pa gulu la WhatsApp la banja ngati muli okonzeka kuti anthu atatu atulukemo mokwiya.

Ndipo apa ndi pamene mwambi uja umaluma. Aliyense wofufuza amalota kupeza mdzukulu wa mchona wa ku Johannesburg kapena ku Harare, woti azitumiza kangachepe pa Mukuru. Palibe amene amalota kuti mbale wopezekayo ndiye adzafike ndi chikwama, ana anayi ndi kalata ya fizi. Chibale sichisankha kolowera.

Mnyamata wina wa ku koleji anagwira ntchito yotereyi tchuthi chonse, n'kujambula mtengo wokongola pa pepala lalikulu lija la m'kalasi. Anauyala pamphasa pamaso pa mbumba yonse. Zinapezeka kuti gogo wamkulu anali ndi mkulu wake amene anakwatiwa ku Moatize, ndipo zidzukulu zake zilipo, zina mnyamatayo anali atacheza nazo kale pa Facebook. Amayi analulutira. Atsibweni anavala magalasi, n'kutsata nthambiyo ndi chala pang'onopang'ono, kuchoka pa dzina la mkulu uja kutsika mpaka pansi. Kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana kudimba, kumene mitengo ya manachesi inali itawerama ndi zipatso.

"Mphwanga, wagwira ntchito. Ndiye ukuti mayi ameneyu ndiye anali woyamba kubadwa?"

"Eya, atsibweni. Ndiye kuti malo ano kwenikweni..."

"Unalemba ndi pensulo kapena bolopeni?"