Ulemu Upite kwa Netiweki Yodukaduka

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi zidatsekedwa, kuyambira pulayimale mpaka yunivesite, dziko lisanalengeze ngakhale munthu mmodzi wodwala Covid-19, pakuti oyamba adadziwika pa 2 Epulo. Ophunzira a ku Chanco, Poly, Bunda, Mzuni ndi MUST adamanga katundu n'kubwerera kwawo. Makoleji ena atayamba kuyesa kuphunzitsa pa Zoom, Moodle, Google Classroom ndi WhatsApp, mkangano udabuka: kodi ophunzira akufuna za pa intaneti kapena za m'kalasi? Aliyense adaikapo mlomo, ngakhale amalume amene sanapondepo pageti la koleji. Koma amene adasenza mtolo wonse wa nyengo imeneyo sanathokozedwe mpaka lero, ndiye netiweki yodukaduka, nkhoswe ya wophunzira aliyense wosakonzeka.

Tiyambe ndi miyoyo imene idapulumutsa. Kale wophunzira akajomba m'kalasi ankayenera kupha wachibale, ndipo agogo ena ankamwalira katatu pa semesita imodzi, maliro ake kugwa ndendende tsiku lopereka asainimenti. Bodza lotere linali lolemetsa. Linkafuna nkhope yachisoni, dzina la mudzi, nthawi zina kalata ya amfumu. Netiweki itabwera, agogo onsewo adapuma. Mawu atatu okha, "netiweki inavuta, bwana," adakwanira, ndipo palibe mphunzitsi akanatsutsa, chifukwa netiweki saiitanitsa kubwalo kuti ikaikire umboni, ilibe buku lakuchipatala, ndipo mphunzitsiyo nayenso inamuvuta dzulo lake. Ena amati imaduka mwachisawawa. Amenewo sanaionetsetse. Imakhala bwinobwino pamene aphunzitsi akupereka moni, imaduka pamene atchula dzina la munthu kuti ayankhe funso, n'kubwerera yokha pamene ayamba kunena mitu imene ibwere pamayeso. Chinthu chopanda nzeru sichingasunge nthawi chotere.

Choncho wophunzira akati ankakonda kuphunzira pa intaneti, timumvetse bwino. Chimene ankakonda ndi chakuti dzina lake linkakhala m'kalasi mwaulemu, kamera yotseka, mwini wake ali kuchigayo kapena m'bulangete. Aphunzitsi nawo asadziyeretse. Zoom yaulere inkatseka msonkhano pakatha mphindi 40. Khumi zoyamba zinkathera pa "Mukundimva? Kumbuyoko mukundimva?", ngati kuli kumbuyo. Zina zingapo zinkapita mphunzitsi akufotokoza mwaluso lonse, manja m'mwamba, atayiwala kutsegula maikolofoni, ophunzira akuona koma osamuuza. Tambala wa kwa wina ankalira katatu. Ndipo wophunzira wakhama akafunsa funso lozunguza mutu, aphunzitsi ankangoti, "Simukumveka, tumizani pa WhatsApp." Mbali zonse ziwiri zinkatuluka ndi ulemu wawo wathunthu.

Wina adzati ndikutamanda chinthu chokondera, chifukwa mwana wa ku Namiwawa kapena ku Area 10 anali ndi intaneti m'nyumba pamene mnzake wa kumudzi ankaisaka ngati mbewa m'chilimwe. Ndingayankhe kuti wa kumudziyo adapindula zambiri: adadziwa chulu chilichonse cha m'dera lawo, adalimbitsa miyendo, adaphunzira kulemba manotsi dzanja lina litakweza foni kumwamba. Koma apa nthabwala ikundithera m'kamwa. Nyumba zambiri zakumudzi zilibe magetsi, ndiye foni inkayenera kukagona kwa ometa tsitsi patauni yapafupi, kutchajako n'kolipira. Bandulo inkagulidwa ndi ndalama ya ndiwo, ndipo kalasi imodzi ya vidiyo inkaimeza yonse phunziro lisanafike pakati. Mtsikana amene ku koleji anali wophunzira basi, kunyumba adasanduka wotunga madzi, wophika ndi wolera ana a achemwali ake. Wophunzira zaudokotala kapena zauinjiniya sakanagwira chipangizo cha mulabotale kudzera pafoni yong'aluka galasi. Amene ankalirira kubwerera kusukulu sikuti ankapukwa nkhope za aphunzitsi. Ankapukwa soketi ya kuhositelo, babu loyaka usiku, laibulale, ndi mnzawo wa chipinda choyandikana amene amamva masamu. Nanga akuluakulu ena aja, amene ankatsimikizira mtundu kuti maphunziro akuyenda bwino pa intaneti? Iwo nkhani ya kuphunzira patali amakonda kukaikambirana pamaso m'pamaso, kunyanja, chambo chili pambale, alawansi atasainira kale. Alawansi sadutsa pa Zoom, ndipo apa tiwayamikire kuti zimene ophunzira ankadandaula iwo adazizindikira msanga.

Ngakhale pamenepa netiweki yathu ikuyenerabe ulemu, chifukwa ndi yokhayo idanena zoona. Malipoti akanatha kulemba kuti kalasi idachitika, mayina onse adaoneka, silabasi idatha. Iyo inkangoduka poyera, n'kuonetsa aliyense kuti dziko lidauza ana ake kuti akwere basi imene sidafike kwawo.

Otsutsa omaliza amati zonsezi n'zakale, popeza sukulu zidayamba kutsegulidwa mu Seputembala 2020, kuyambira ndi a chaka chomaliza, ndipo ophunzira adabwerera m'makalasi atavala zotseka pakamwa. Akuganiza kuti netiweki idachotsedwa ntchito. Ayi, idakwezedwa. Ophunzira a nthawi ija adamaliza, ena adalembedwa ntchito, ndipo lero akhala kuseri kwa makauntala m'maofesi ndi m'mabanki. Pitani ndi fomu yanu Lachisanu masana, mutaima pamzere kuyambira m'mawa. Mnyamata wa tayi adzayang'ana kompyuta, adzapukusa mutu mwachisoni chimene kale ankasungira maliro a agogo, n'kukuuzani kuti, "Pepani bambo, netiweki yavuta, mubwere Lolemba."