Kabawuti ka pansi pa injini

Amene anapanga bawuti yotulutsira oyilo ayenera kuti ankagulitsanso sopo. Munthu wagona chagada pansi pa Toyota, sipanala ya 14 ili m'manja, beseni waliika pamene akuganiza kuti oyilo agwera. Oyilo sagwera pamenepo. Akakhala wotentha amathamanga chopingasa, kudumpha beseni, kenako n'kutsata mkono mpaka m'khwapa ngati akudziwa kwawo.

Bawutiyo nayo imapulumuka m'zala pa mazinga omaliza, n'kumira m'malita anayi a oyilo wakuda bii. Yambani kuvuula tsopano, ana akukuonerani.

Amakaniko ali ndi kanzeru kawo: pomasula amakankhira bawuti m'kati, mazinga akatha n'kuichotsa msanga, dzanja lili m'mwamba. Amasinthanso kawashala kake, chifukwa kakale kanaphwanyika kale ndipo kamadontheza pakhonde la mayi a kunyumba.

Oopsa kwambiri ndi aja omanga bawuti ndi mphamvu zonse, mpaka kupondereza sipanala ndi phazi. Mazinga akadyeka, nkhani ya sopo yatha, yayamba ya kugula sampu ina yosungiramo oyilo.