Nanenso mwezi umandisandutsa chilombo

Lolemba lapitali ndinagula bandulo ya intaneti ya mwezi wathunthu pa mtengo watsopano. Kampani ya mafoniyo sindiitchula dzina, koma mtengowo inaukweza mwakachetechete ngati fisi wolowa m'khola la mbuzi eni ake ali mtulo. Lachitatu m'mawa foni inalira. Uthenga wake unali waulemu zedi. Unayamba ndi kunditcha kasitomala wokondedwa, kenako unandiuza kuti bandulo yanga yatha. Mwezi wathunthu unatha m'masiku awiri, abale.

Tsiku lonse ndinalemba kalata yodandaula m'mutu mwanga. Mu minibasi ndinauza kondakitala, yemwe sanandifunse, kuti dziko lino latha. Usiku ndikupita kukatseka chitseko chakuseri ndinaona kuwala kukutuluka pansi pa bulangete pabalaza. Nditavundukula ndinapeza mbala ziwiri zimene ndimazidyetsa ndekha: mtsikana wanga wa Fomu 3 ndi mlongo wake wa zaka 14, mitu ili pamodzi pa foni ya mayi awo. Intaneti ankakoka pa foni yanga. Nambala yachinsinsi anailota mosavuta, chifukwa ndinaika chaka chimene ndinabadwa.

"Mukuonera chiyani chimene chadya ndalama yanga?"

"Teen Wolf, adadi."

Ndinakhala pansi kuti ndione mdani wangayo ndi maso anga, mphindi zisanu zokha. Tambala woyamba analira foni ili m'manja mwanga, ana atagona kalekale, mayunitsi a mayi awo nawonso atapita.

Kwa inu amene bandulo yanu idakali moyo, nkhani yake ndi iyi. Mnyamata wina wa ku sekondale, Scott McCall, amakhala m'tauni yopeka ya Beacon Hills ku California. Ndi wodwala mphumu, ndipo pa masewero a lacrosse, omwe amathamanga ndi ndodo yokhala ndi kaukonde kunsonga ngati akukola ngumbi, ntchito yake ndi kufunditsa benchi. Usiku wina mnzake Stiles, mwana wa mkulu wa apolisi, akumukoka kuti akafunefune mtembo m'nkhalango. Apa ndinaimitsa kaye filimu n'kuuza ana anga kuti mnzako wotere ndi wofunika kumuthawa. M'nkhalangomo Scott akulumidwa ndi chilombo, ndipo kuchokera pamenepo akumasanduka mmbulu.

Chimene chinandipweteka mtima ndi phindu lake. Atangolumidwa, mphumu yatheratu, makutu akumva zonong'onezana kutali, timu yamuika m'gulu loyamba, ndipo mtsikana wokongola wobwera kumene pasukulupo wayamba kumumwetulira. Inetu galu anandilumapo ndili mnyamata. Ndinapata majakisoni, buluku long'ambika ndi mbama ya bambo anga pondifunsa chimene ndinkafuna pa mtengo wa mango wa eni ake.

Mtsikanayo ndi Allison Argent, ndipo banja lake lonse ntchito yake ndi kusaka anthu osanduka mimbulu. Bambo ake akumulasa Scott muvi pamkono asanadziwe n'komwe kuti ndi mkamwini. Apongozi ovuta ndinawaonapo, anga anandilimitsa munda wa fodya zaka ziwiri, koma uta sanandikokerepo.

M'mawa ndinafunsa kuti filimuyi itha liti. Ana anandiuza monyadira kuti ili ndi magawo 100, kuti inkaonetsedwa pa MTV kuyambira 2011 mpaka 2017, ndipo mu 2023 anawonjezeranso filimu ina yaitali. Gwero lake ndi filimu ya 1985 ya Michael J. Fox, yomwe inali ndi chifundo chifukwa inkatha usiku umodzi. Akamaliza imeneyi akuti kuli Wolfblood ya ku Britain, kuli The Vampire Diaries, kulinso Twilight. Chikwama changa chinakomoka m'thumba.

Kenako anandifotokozera lamulo lalikulu la nkhaniyi: munthu amasanduka chilombo mwezi ukakhala wathunthu. Ndinaseka mpaka tiyi wopanda shuga anandipalira. Mwezi wakumwambawo umakhala wathunthu kamodzi pa masiku 29 ndi theka. Usiku umodzi wokha basi, azungu n'kupangapo magawo 100! Nanga ine amene mwezi umandisandutsa kuyambira pa 10 mpaka tsiku la malipiro, bwanji MTV sinandifunefune?

Zizindikiro zonse ndili nazo. Mwezi ukafika pakati makutu anga amamva mapazi a eni nyumba akadali pa siteji ya basi. Mphuno yanga imadziwa kuti nyumba yachitatu kuchokera pathu akukazinga nkhuku, ndipo imatha kusiyanitsa yachikuda ndi yachizungu. Ndevu zimamera chifukwa ya kumeta kulibe. Mwana akangoti "adadi, kusukulu akuti", ndimabangula asanamalize chiganizo. Scott anamangidwa ndi maunyolo ndi mnzake kuti asavulaze anthu. Ine amandimanga ndi wa katapila, ndipo iye sataya kiyi.

Kale mwezi unkandisandutsa pa 20. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tsikulo lakhala likusunthira kumbuyo, moti posachedwapa ndizisanduka ndili pamzere wa ku banki, malipiro ali m'manja.

Mnyamata wanga anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Adadi, maso anu ndi ofiira. Mufilimumu maso ofiira amakhala a alpha, mtsogoleri wa gulu. Ena onse amakhala achikasu kapena abuluu." Ndinatukumula chifuwa. Mayi a ana, akupala mphika, anayankha osatembenuka: "Alpha wanuyo mumuuze kuti sopo watha." Iwo chimawanyansa mufilimuyi ndi malaya. Anyamatawo akangokwiya pang'ono malaya ali pansi, ena ong'ambika. "Bambo a ana, anthuwa akudziwa mtengo wa kaunjika?"

Usiku wachitatu, nditagula kabandulo kena ka tsiku limodzi pofuna kupitiriza kafukufuku, ndinafunsa mtsikanayo chimene amakondera zinthu zoopsazi.

"Si zoopsa, adadi. Thupi lake likusintha losamupempha. Akukwiya osadziwa chifukwa chake. Akuopa kuti akauza mayi ake amuthawa. Ndiye mumafuna muone ngati amuthawedi."

Mlongo wake, yemwe mawu ake masiku ano amayamba ngati ng'ombe n'kuthera ngati mwanapiye, anangoyang'ana pansi. Apa ndinazindikira kuti ubweya ndi zikhadabozo ndi chigoba chabe, nkhani yeniyeni ndi kutha msinkhu. Mayi ake a Scott, namwino wolera yekha mwana, ataona nkhope yachilomboyo anachita mantha masiku angapo, kenako anabwerera kwa mwana wawo. Stiles alibe mphamvu iliyonse, ali ndi galimoto yakutha ndi pakamwa posatseka, koma mnzake samusiya. Ndipo mmbulu wopanda gulu, umene amautcha omega, ndi umene umafooka. Mwana wa sekondale aliyense amene anadyapo chigumu yekha kuseri kwa kalasi safunika womumasulira zimenezi. Kale zotere ankalongosola ndi anamkungwi, azakhali ndi atsibweni. Lero akulongosola ndi Scott McCall, pa bandulo yanga.

Ndinayesa kudzitchinjiriza. Ndinawauza kuti zosandukazi azungu asatinamize kuti anayambitsa ndi iwo, kwathu kuno nkhani za anthu osanduka afisi tinakula nazo. Ndinayamba kusimba mwamphamvu za agogo ena akumudzi omwe tinkawathawa tikawaona pachitsime. Mtsikanayo anandidula.

"Munawaonapo akusanduka, adadi?"

"Ayi, koma anthu ankanena."

"Ndiye anatani agogowo?"

Ndinakhala chete, chifukwa ndikukumbuka mmene anachokera m'mudzimo, kamtolo kali pamutu.

Pamenepa kuseka kumandithera. Wosanduka wa pa kanema ndi mnyamata wosalala, wa chifuwa chotakata, ndipo timagula bandulo kuti timuchemerere. Wosanduka wathu kawirikawiri amakhala nkhalamba yopanda mano, yosauka, yopanda woiyankhulira, ndipo palibe anaionapo ikumera ubweya. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo chifukwa mphenzi inapha mtsikana. Lamulo loletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti lilipo m'dziko muno kuyambira 1911. Ngakhale alenje a mufilimu aja, opeka ndi opeka, ali ndi lamulo lawo lakuti asaphe popanda umboni wakuti munthuyo anakhetsa magazi. Ife, anthu enieni opita kutchalitchi ndi kumzikiti, mphekesera ya pachigayo imatikwanira kutola miyala. Pagulu lotola miyalalo ndi pamene munthu amasandukadi chilombo, ndipo sadikira mwezi.

Mayi a ana akuti ndasintha chiyambire kuonera zimenezi. Ndimakana, monga fisi anakana msatsi. Zoona zake n'zakuti nambala yachinsinsi ndinasintha, ndinaika chaka chimene tinakwatirana, ndipo tsopano amene akulephera kuikumbukira ndine. Ana anailota tsiku lomwelo. Tili pa gawo 37, ndipo tinagwirizana kuti tizionera limodzi Loweruka lokha, atamaliza homuweki. Kampani ija ndinaikhululukira theka, theka linalo ndikudikira itsitse mtengo.

Lero ndi pa 12. Mukamva chinthu chikulira usiku uno kufupi ndi kwanu, musathamangire miyala ndipo agogo a m'mudzi mwanu muwasiye agone. Ndine ameneyo. Ngati muli ndi chisoni, bweretsani paketi ya shuga.